Momwe Mungayesere Ngati Ma Porphyrin Akuthandiza Asphaltene Kuundana m'Mafuta Osayenga

Asphaltene ndi gawo lolemera kwambiri la mafuta osayenga, ndipo amadziwika ndi khalidwe lake: amasungunuka mu toluene koma sasungunuka mu heptane, mankhwala awiri amadzimadzi osungunulira zinthu. Akayamba kuundana amatseka zitsime ndi mapaipi, ndipo m'zoundanazo mumapezeka vanadium ndi nickel, zitsulo zimene zimakhala mkati mwenimweni mwa mamolekyu ooneka ngati mphete otchedwa porphyrin. Wasayansi wa ku Germany, Alfred Treibs, ndiye anawapeza m'mafuta m'chaka cha 1934, n'kuwalumikiza ndi chlorophyll (chobiriwitsa zomera) ya zamoyo zakale. Wofufuza ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri: kodi ma porphyrin amenewa amathandizadi kuundanako, kapena amangotsekeredwa mkati pamene enawo akuphatikizana? Kungowapeza m'nsenga sikuyankha funsoli.

Yambani ndi kupatula asphaltene. Thirani mamililita 40 a heptane pa galamu imodzi ya mafuta, takasani bwino, ndipo musiye botolo lotseka pamalo amdima usiku wonse, popeza ma porphyrin amawonongeka ndi kuwala pamene pali mpweya. Kukacha sefani, kenaka tsukani zakuda zotsala pa sefa ndi heptane wina mpaka wodonthayo atasiya kuoneka wachikasu. Musataye zomwe zadutsa pa sefa, zotchedwa maltene, chifukwa nazo ziyenera kuyezedwa. Ntchito yonseyi ichitikire m'kabati yokoka mpweya, kutali ndi moto.

Mukatero yezani kuchuluka kwa vanadium ndi nickel m'mafuta oyambirira, mu asphaltene ndi mu maltene, pogwiritsa ntchito makina oyezera zitsulo a ICP motsatira njira yovomerezeka yotchedwa ASTM D5708. Zitsulo za magawo awiriwo zikaphatikizidwa zifanane ndi za mafuta oyambirira. Zikapanda kufanana, bwerezani musanapitirire. Mafuta amasiyana kwambiri pankhaniyi, moti a ku Boscan ku Venezuela amakhala ndi vanadium wopitirira 1,000 ppm (magawo 1,000 pa miliyoni), pamene mafuta opepuka ambiri amakhala ndi wochepa zedi.

Gawo lotsatira ndi la kuwala, ndipo ndi pomwe pamafunika kudekha. Sungunulani asphaltene pang'ono mu toluene wambiri mpaka aoneke wofiirira mopyapyala, n'kumuika m'makina a UV-Vis, oyeza kuwala kumene chinthu chikumeza. Porphyrin wa vanadium amameza kuwala kwambiri pafupi ndi nanomita 410 (muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala), pamalo otchedwa Soret, ndiponso pang'ono pafupi ndi 570, pamene wa nickel amaonekera pafupi ndi 390 ndi 550. Mukawerengera vanadium kuchokera pa Soret n'kuyerekeza ndi zotsatira za ICP, kawirikawiri mupeza kuti wa Soret ndi wochepa. Kale anthu ankati wotsalayo sali mu porphyrin, koma kuyeza kwa X-ray kunasonyeza kuti nayenso amazunguliridwa ndi maatomu anayi a nitrogen. Ine ndimaona kuti kusiyana kumeneku ndi chimodzi mwa zizindikiro zofunika kwambiri, chifukwa kumaloza ku ma porphyrin amene amangika mwamphamvu kapena amene mphete zawo zakula mwakuti saonekanso bwino.

Ngati labotale yanu ili ndi makina a EPR, oyeza pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito, agwiritseni ntchito pa vanadium. Porphyrin woyenda momasuka m'zosungunulira amaonetsa mizere 8, koma womangika m'zoundana amaonetsa mizere 16. Tenthetsani pang'onopang'ono, kapena onjezerani toluene, n'kuona ngati mizere 16 ija ikusanduka 8. Ikamachedwa kusintha, ndiye kuti kumangikako n'kolimba.

Pomasulira zotsatira, kumbukirani kuti zitsulo ziwirizi sizikhala mofanana. Porphyrin wa nickel ndi wosalala, choncho amasanjikizana mosavuta ndi mphete za asphaltene, pamene wa vanadium ali ndi atomu ya oxygen yotulukira pamwamba imene imatha kugwirana ndi hydrogen wa mamolekyu ena. Wofufuza wa ku Canada, Murray Gray, ndi anzake anafotokoza mu 2011 kuti kuundana kumachokera ku mphamvu zingapo zing'onozing'ono zogwira ntchito pamodzi, ndipo kugwirana kwa zitsulo ndi imodzi chabe mwa izo.

Chiyeso chomwe chimayandikira yankho ndi chochotsa ndi kubwezera. Tsukani gawo la asphaltene ndi zosungunulira monga acetonitrile kapena methanol mobwerezabwereza, mpaka mtundu wofiira wa porphyrin utasiya kutuluka. Sungunulani wotsukidwayo ndi wosatsukidwa mu toluene pamlingo wofanana, dontheterani heptane m'mabotolo onse awiri, ndipo muziona pa maikulosikopu kuti timibulu toyamba tikuoneka pa heptane wochuluka bwanji. Komabe zosungunulirazi zimachotsanso mamolekyu ena, osati porphyrin yekha, ndiye konzani botolo lachitatu la asphaltene wotsukidwa lomwe mwabwezeramo porphyrin wodziwika, monga vanadyl octaethylporphyrin, pamlingo wofanana ndi womwe munachotsa. Botolo lachitatu likabwerera ku khalidwe la losatsukidwa, muli ndi umboni woti porphyrin akutengapo mbali. Likapanda kubwerera, chomwe chasintha kuundanako ndi china chimene chinachoka nawo potsuka. Mabotolo onse atatu akhale pa kutentha kofanana ndipo aonedwe patapita nthawi yofanana, chifukwa botolo looneka loyera pa ola loyamba likhoza kukhala ndi timibulu patapita masiku angapo.