Msoti kapena katambala? Musafulumire kuweruza

Alimi anzanga, funso lomwe ndimafunsidwa kawirikawiri ndi oweta nkhuku pakhomo ndi ili: mwa anapiye angawa, athadzi ndi ati? Yankho langa limawakhumudwitsa ena, chifukwa ndimawauza kuti adikire. Mwanapiye wa tsiku limodzi sasonyeza zambiri. Akatswiri a m'malo oswetsera mazira amayang'ana kotulukira chitosi, koma luso limenelo amachita kuliphunzira nthawi yaitali, ndipo wosadziwa akhoza kuvulaza kamwanapiye pokafinya. Zakuti dzira losongoka limaswa tambala, lobulungira thadzi, ndi nkhambakamwa chabe.

Zizindikiro zimayamba kuoneka pa masabata 4 mpaka 6. Yang'anani kanyama kofiira ka pamutu ndi tolendewera tiwiri ta pansi pa mlomo. Kwa katambala timakula msanga n'kufiira, pamene kwa msoti timakhala tating'ono, totuwa, mpaka atayandikira kuikira. Miyendo ya katambala imakhalanso yonenepa, ndipo kamakonda kuima njo, khosi m'mwamba, kuputa anzake. Koma samalani: yerekezani anapiye a msinkhu umodzi ndi mtundu umodzi. Pali mitundu ina yomwe ngakhale thadzi limakhala ndi kanyama kakakulu pamutu, ndipo misoti ina ndi yandewu kuposa atambala.

Chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira ndi nthenga, ndipo chimafika nkhuku ikakwana miyezi itatu. Igwireni bwino, mupatule nthenga za pamsana pafupi ndi mchira, kenako lowetsani kapepala koyera pansi pake kuti muone nsonga. Zikakhala zazitali, zowonda, zosongoka ngati mkondo komanso zonyezimira, ameneyo ndi tambala. Za msoti zimakhala zazifupi, zobulungira kumapeto, zosawala. Za m'khosi nazonso ndi chimodzimodzi. Pambuyo pake nthenga za kumchira wa tambala zimatalika n'kupindika ngati chikwakwa. Kulira kokoliliko kumabwera nthawi zambiri pa miyezi inayi kapena isanu, koyamba kumamveka kosasa mawu moseketsa, koma mukadikira kulirako ndiye kuti mwawononga kale chakudya chambiri.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwa mazira oswedwa, pafupifupi theka amakhala atambala. Ambiri sadziwa kuti thadzi limaikira ngakhale popanda tambala. Iyeyu amafunika pokhapokha mukufuna mazira oti aswe, omwe amatenga masiku 21 akufungatiridwa. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Atambala akachuluka, mudzaona mathadzi atasosoka nthenga pamsana ndi kumutu, ndewu tsiku lonse, mazira n'kuchepa. Sankhani mmodzi wamphamvu, enawo apatuleni, muwanenepetse, mugulitse kapena mudye. Tambala wobereketsayo muzimusintha pakapita nthawi kuti asamakwere ana ake omwe.

Misoti mwasungayo ipatseni khola louma lopita mphepo, madzi oyera, ndi katemera wa chitopa pa nthawi yake. Ya mitundu yoikira kwambiri imayamba pa masabata 18 mpaka 22, yachikuda imachedwerapo. Mukafuna kudziwa ngati yayandikira, papasani timafupa tiwiri ta m'mbali mwa kotulukira dzira. Pakalowa chala chimodzi chokha, sinafike. Pakalowa zala ziwiri kapena zitatu, ikani udzu wouma m'chisa lero lomwe, isanakapeze pake kuseri kwa mpanda.