Pandas mwaika, koma Python akuti kulibe

Ndimasunga mabuku a kalabu ya alimi a soya kuno ku Santhe, ku Kasungu. Matumba akachoka pa sikelo, makilogalamu timawalemba mu Excel, ndiye ndili ndi kapulogalamu kolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Python kowerengera kuti mlimi aliyense alandira zingati. Kamadalira pandas, laibulale (zida zolembedwa kale zimene mumaika mu Python) yogwiritsira ntchito matebulo. Tsiku lina mng'ono wanga, amene amandithandiza, anandiimbira mtima uli m'mwamba: "Achimwene, pandas ndaika kawiri, koma ikungolemba ModuleNotFoundError: No module named 'pandas'. Ndiikenso?"

Ndinamuletsa. Mukakumana ndi zimenezi, inunso musathamangire kuikanso.

Kawirikawiri laibulaleyo imakhala ilimo ndithu. Chimene chimasokoneza n'chakuti mu kompyuta imodzi mumatha kukhala ma Python awiri kapena atatu, ndipo aliyense ali ndi nkhokwe yakeyake, foda yotchedwa site-packages. Chimanga mwathira nkhokwe iyi, koma mukukatapa inayo. Ndiye choyamba dziwani kuti akuyendetsa fayilo yanu ndi Python uti. Pamwamba penipeni pa fayilo, import (mzere woitanira laibulale) ina iliyonse isanabwere, lembani izi:

import sys
print(sys.executable)

Ikuonetsani komwe Python ameneyo akukhala. Kenako pa terminal (zenera lolembamo malamulo) lembani pip --version, yomwe imatchula foda yomwe pip, kapulogalamu koikira malaibulale, ali komanso Python amene akumugwirira ntchito. Yerekezani ziwirizo. Kwa mng'ono wangayu, pip ankathira mu Python 3.12, pomwe VS Code, pulogalamu imene timalembera ndi kuyendetsera mafayilo a Python, inkayendetsa 3.9 wakale amene anabwera ndi laputopu, poti tinagula yogwirapo kale ntchito.

Apa pali njira ziwiri, ndipo ine ndimakonda yosadya bandulo. Mu VS Code dinani Ctrl+Shift+P, sakani Python: Select Interpreter, musankhe Python amene ali kale ndi pandas. Basi. Njira inayo ndi kuika laibulaleyo mwa Python amene mukumufuna, pomutchula poyera. Pa Windows, py -0 imandandalika ma Python onse amene alimo, ndiye mumalemba py -3.12 -m pip install pandas. Kuyambira pamenepo ine pip payekha ndinasiya kumukhulupirira, ndimayamba ndatchula Python, kenako -m pip. Ngati muli mu Jupyter, lembani %pip install pandas mu notebook momwemo, kenako muyambitsenso kernel. Amene munapanga venv, onani ngati dzina lake likuoneka kumayambiriro kwa mzere wa terminal. Ngati silikuoneka, simunaiyatse.

Nthawi zina Python ndi yemweyo, koma dzina ndi limene lakupusitsani. Dzina loikira ndi dzina loitanira sizifanana nthawi zonse. Mumaika Pillow koma mumaitana PIL, opencv-python ndi cv2, scikit-learn ndi sklearn, beautifulsoup4 ndi bs4. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono nazo n'zosiyana: import Pandas sitheka.

Vuto langa lenileni, limene linandigoneka mochedwa, ndinadzipangira ndekha. Ndinalemba kafayilo koyesera n'kukatcha csv.py, m'foda yomweyo ya mabuku a kalabu. Python pofuna module, fayilo imene yaitanidwa ndi import, amayamba kuyang'ana m'foda momwe muli fayilo imene mukuyendetsa, kenako ndi pomwe amapita kwina. Pandas itafuna csv weniweni, amene amabwera ndi Python, inapatsidwa kafayilo kangako, ndipo pa sikirini panadzaza mizere yotchula mafayilo amene sindinawagwirepo chibadwire. Ndinachotsa pandas, n'kuikanso, osasintha kanthu. Chinandipulumutsa ndi mizere iwiri, import csv ndi print(csv.__file__), imene inaloza foda yanga yomwe. Nditasintha dzina kukhala kuyesa_soya.py, zonse zinayenda. Choncho mafayilo anu musawatche random.py, csv.py kapena pandas.py. Kuwatcha m'Chichewa kumathandiza, chifukwa sindinaonepo laibulale yotchedwa malipiro_a_alimi.

Kuikanso kuli ndi nthawi yake. Magetsi akathima pip ali mkati moika, ndipo batire la laputopu ndi lakufa ngati lathu, foda ya laibulale imatsala yoperewera. Uthenga wake umakhala wina, monga ImportError: cannot import name. Pamenepo lembani py -3.12 -m pip install --force-reinstall pandas, kusintha nambalayo kuti igwirizane ndi Python wanu. Pip amasunga zimene anakoka kale, ndiye mwina bandulo siipita yambiri.

Mng'ono wanga atasankha Python woyenera anaimbanso pasanathe mphindi zisanu: "Achimwene, yabweranso ina." Ndinati awerenge mzere womaliza wokha, poti nkhani imakhala pamenepo. Unali Missing optional dependency 'openpyxl'. Pandas siwerenga fayilo ya Excel ya .xlsx payokha, imadalira openpyxl, ndipo poika pandas iyeyu sabwera nawo. Apa ndiye laibulale kunalibedi. Anaiika, siifika n'komwe megabaiti imodzi, ndipo pofika madzulo mndandanda wa malipiro unali m'manja mwa a msungichuma.