Mukabwerera ku khola la mahatchi la pa intaneti, musafulumire kukweretsa

Inu amene munkaweta mahatchi m'gemu ya pa kompyuta kapena pa foni, n'kuisiya kwa miyezi kapena zaka, ndipo tsopano mtima wakukokaninso, langizo langa loyamba ndi ili: tsiku lobwerera musakweretse, musagule, musagulitse. Ingoyenderani khola. Zolakwika zambiri za obwerera zimachitika tsiku limenelo, munthu ali ndi chisangalalo koma akugwiritsa ntchito nzeru za gemu imene inasintha iye kulibe.

Za kulowa mu akaunti sindichulukitsa. Ngati mwaiwala mawu achinsinsi, apempheni kudzera pa tsamba lenileni la gemuyo ndi imelo imene munalembetsera, ndipo musawapereke kwa wosewera mnzanu ngakhale atalonjeza kukusamalirani ziweto. Mukalowa, werengani kaye zilengezo za eni gemu. N'zotopetsa, ndikudziwa, koma m'menemo ndi momwe mudziwire ngati malamulo a mipikisano, msika kapena ndalama za m'gemu anasinthidwa. Onaninso ngati nthawi inkayenda inu kulibe, chifukwa m'magemu ena hatchi imakalamba tsiku ndi tsiku mwini wake abwere asabwere, pomwe mwa ena imadikira mpaka muisamalire.

Nkhani yaikulu ndi ya mbewu. Tengani gemu ya Howrse, imene kampani ya Owlient ya ku France inayambitsa, ndipo Ubisoft inagula kampaniyo mu 2011. M'menemo hatchi iliyonse imabadwa ndi malire a luso limene ingafikire, ndipo osewera amawatchula kuti GP. Mwana wobadwa kwa makolo ophunzitsidwa bwino amaposa makolo akewo pang'ono, nayenso mwana wake amamuposa pang'ono. Kuwonjezeka kumeneku n'kochepa pa m'badwo umodzi, koma oweta akhama, makamaka amene amagwirira ntchito limodzi m'magulu, amabereketsa mibadwo yambirimbiri pa nthawi yochepa. Ndiye inu mukachoka chaka chathunthu, hatchi yanu yaimuna imene inkawina paliponse mumaipeza itatsalira kutali. Sinadwale, sinafooke, koma anzanu sanaime.

Kuti mudziwe pamene muli, lowani pa msika wa m'gemu, sankhani mtundu umene mumaweta, kaya ndi Arabian, Thoroughbred kapena Friesian, ndipo ndandalikani mahatchi ogulitsidwa kuyambira wa GP yapamwamba. Lembani papepala nambala ya pamwamba, ya pakati, ndi ya hatchi yanu yabwino koposa. Kuwawa kwake kulipo ndithu, koma pepala limenelo ndilo likuuzeni chochita.

Ambiri akaona kusiyana kotero amaganiza zolipira kuti hatchi yawo yaikazi yakale ikweredwe ndi yaimuna ya mbewu yatsopano. Ine sindilimbikitsa zimenezi ngati mpata uli waukulu. Chifukwa chake n'chakuti mwana amatengera mbali zonse ziwiri, ndipo mphamvu zake zimagwera chapakatikati pa atate ndi amake. Mukaphatikiza wakale kwambiri ndi watsopano, mwanayo atseka theka lokha la mpatawo. Mdzukulu atseka theka la chotsalacho, ndipo nthawi yonseyi amene ali patsogolo akupitabe. Mutha ndalama ndi masiku kuthamangitsa chinthu chothawa. Njira yachidule ndi kugula hatchi yaikazi imodzi kapena ziwiri zazing'ono za mbewu ya masiku ano, ngakhale zisakhale zapamwamba zenizeni, n'kuyambira pamenepo. Mpata ukakhala waung'ono, apo kukweretsa kwa yaimuna yabwino ya mnzanu kumakwanira.

Ndipo wetani mtundu umodzi poyamba. Khola la mitundu isanu limafuna manja amene wobwerera kumene alibe.

Mukapeza mbewu yatsopano, musaikweretse isanakhwime. Mu Howrse hatchi imaloledwa kubereka ikafika zaka 2 ndi miyezi 6, koma kuloledwa sikutanthauza kuti yakonzeka. Pali muyeso wotchedwa BLUP, umene umayambira pa -100 mpaka 100, ndipo unatengedwa ku ulimi weniweni wa ziweto, kumene akatswiri amagwiritsa ntchito njira ya dzina lomweli poyerekeza ubwino umene kholo lingapatsire ana. Kuti BLUP ifike 100, hatchi iyenera kukwana zaka 10, kumaliza maluso ake atatu akuluakulu, ndi kuwina mipikisano 20. Maluso onse alipo asanu ndi limodzi, monga kupirira, liwiro ndi kulumpha, ndipo atatu ofunikawo amasiyana malinga ndi mtundu, choncho onani pa tsamba la hatchi yanu musanayambe kuiphunzitsa. Popeza hatchi ikagona imadzuka itakula ndi miyezi iwiri, zaka 10 ndi maulendo pafupifupi 60 oigoneka. Ichi n'chifukwa chake mapointi okalambitsira hatchi msanga ali chuma. Ngati munasiya ena mu akaunti, asungireni mbewu yatsopanoyo, musawathere pa mahatchi akale.

Nanga mahatchi akalewo mutani nawo? Apa ndipempha kuti mudekhe kawiri. Hatchi yotsalira pa GP ikhoza kukhala ndi mtengo pa zifukwa zina: mtundu wa ubweya wosowa, chovala chapadera, kapena chinthu chimene chinkaperekedwa pa chochitika china chakale ndipo lero sichipezekanso. Pa msika pamakhala osewera amene ntchito yawo ndi kudikira wobwerera wosadziwa mitengo, ndipo mukangoika hatchi yotere pa mtengo wakale amaitola m'kuphethira kwa diso. Musanagulitse chilichonse, fufuzani mahatchi ofanana nayo, muone mtengo wake kwa masiku angapo. Zosafunikadi zichotseni mosanyinyirika, chifukwa hatchi iliyonse yosungidwa imafuna malipiro a khola, chakudya ndi nthawi yanu. Koma ija imene munayamba nayo, imene dzina lake mukulikumbukirabe, isungeni. Sikuti chilichonse m'khola chiyenera kubweretsa phindu.

Amene mumasewera magemu otsatira chibadwa chenicheni cha mahatchi, monga Horse Reality, dzikumbutseni malamulo a mitundu ya ubweya musanaphatikize. Mahatchi awiri ofiira, aja a chestnut, amabereka ana a maziko ofiira okhaokha, chifukwa onse awiri alibe jini (kachinthu ka m'thupi konyamula chibadwa kuchokera kwa makolo) ya ubweya wakuda yoti apatsire mwana. Hatchi yofiira ikakhala ndi jini imodzi ya cream, imene imayeretsako mtundu wa ubweya, imakhala palomino, ya thupi lagolide ndi manyenje oyera, ndipo ikakhala ndi ziwiri imakhala cremello, ya thupi lonse loyererako. Choncho palomino awiri sabereka palomino nthawi zonse: mwa mwayi unayi, umodzi ndi wofiira, uwiri ndi palomino, umodzi ndi cremello. Jini ya imvi imalamulira, moti kholo limodzi lokha likhoza kuipatsira, ndipo mwanayo amabadwa ndi mtundu wina n'kumayera akamakula. Chenjezo lalikulu lili pa jini ya frame overo, imene imabweretsa mawanga oyera m'mbali mwa thupi la hatchi. M'mahatchi enieni, mwana wolandira jini imeneyi kuchokera kwa makolo onse awiri amabadwa woyera, matumbo ake sagwira ntchito, ndipo amafa m'masiku ochepa. Ngati gemu yanu imatsanzira zimenezi, yezetsani makolo onse awiri musanawaphatikize. Za kukweretsa pachibale nazo zimasiyana: mu Howrse sizivulaza mwana, koma musaganize kuti ndi mmene zilili kulikonse.

Tsopano dzifunseni chimene chinakuchotsani poyamba paja. Ambiri sanasiye chifukwa chodana ndi mahatchi. Khola linakula mpaka kusamalira kunasanduka ntchito yolemetsa ya tsiku lililonse, kudyetsa, kupesa, kuphunzitsa, kugoneka, hatchi ndi hatchi, usiku n'kutha. Ena zinawachotsa ndi ndalama. Magemu amenewa kawirikawiri amakhala ndi ndalama ziwiri, ina yopeza posewera, monga Equus mu Howrse, ndi ina imene ingagulidwe ndi ndalama zenizeni, monga ma pass. Wobwerera ndiye amakopeka kwambiri ndi yachiwiriyi chifukwa amafuna kupezana ndi anzake msanga. Ndikulangizani kuti mwezi woyamba musagule chilichonse ndi ndalama za m'thumba. Ukatha mweziwo muli ndi chidwi, ikani malire a zimene mungawononge pa mwezi, ndipo ngati foni imagwiridwanso ndi ana, tsekani njira yogulira ndi nambala yachinsinsi.

Pa nthawi naponso ikani malire poyambirira. Onani kuti kusamalira hatchi imodzi bwinobwino kumakutengerani mphindi zingati, kenako muone mphindi zimene mungapatule pa tsiku osasokoneza ntchito, sukulu ndi tulo. Kugawa ziwirizo kukupatsani chiwerengero cha mahatchi amene mungawete. Zikakwana zitatu zokha, wetani zitatu, ndipo mwana watsopano akabadwa n'kuposa amake, mmodzi mwa akale atuluke m'khola kuti chiwerengerocho chisakwere.