Kasemedwe ka galasi la cameo

Galasi la cameo ndi magalasi awiri omatirana, lamkati nthawi zambiri labuluu wakuda, lakunja loyera. Mukasema loyeralo, chithunzi chimatsala chotumphuka pamwamba pa buluu. Aroma ankadziwa kale lusoli, ndipo mtsuko wawo wotchedwa Portland Vase ulipobe ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London.

Ntchito imayambira pang'anjo. Uzirani kakapu ka galasi loyera, kakadali kotentha muikemo buluu wosungunuka, kenako muuzire zonse pamodzi. Chachikulu apa n'chakuti magalasi awiriwo azifutukuka ndi kubwerera mofanana akamatentha ndi kuzizira. Ogulitsa amalemba nambala ya COE, yosonyeza mmene galasi limafutukukira likatentha, ndiye musasakanize la 90 ndi la 96. Mukatha kuumba, liziziritseni pang'onopang'ono mu uvuni, kuyambira pa madigiri Celsius pafupifupi 500. Ngakhale John Northwood, mmisiri wa ku England amene anasema mtsuko wofanana ndi wa Portland kuyambira 1873 mpaka 1876, wake unang'aluka ntchito ili pafupi kutha.

Likazizira, phimbani mbali zimene mukufuna zitsale, kwinako muchotse. Fakitale ya mmisiri wa magalasi Émile Gallé ku Nancy, ku France, inkapaka phula n'kuviika galasilo mu asidi wa hydrofluoric. Ine asidi ameneyu ayi. Amalowa pakhungu mpaka kufupa, ululu n'kumabwera mochedwa zinthu zitaipa kale. Kuli bwino kumata pulasitiki, kudula chithunzicho ndi kampeni, n'kupopera mchenga ndi makina amphepo. Valani masiki enieni, fumbi lake limawononga mapapo.

Tsopano poonekera mmisiri ndi pa kagudumu, kamkuwa kopakidwa ufa wonolera kapena kadayamondi. Pano palibe utoto. Mthunzi wonse umachokera pa kuchindikala kwa loyeralo. Pomwe mwalisiya lochindikala pamayera mbee, pomwe mwalipala kwambiri buluu amaonekera pansi pake, n'kukhala ngati mtambo wopyapyala. Tsamba lisiyeni lonenepa pamtsempha wapakati, muzipala mopita m'mphepete mpaka nsonga yake itatsala pang'ono kuzimirira. Madzi azidontha pagudumu ladayamondi nthawi zonse kuti galasi lisatenthe. Imani pafupipafupi, pukutani liume, muyang'ane poliloza kowala, chifukwa lonyowa limanamiza. Mukabooleza mpaka pabuluu, loyeralo silibwezeka.

Oyamba kumene, mtsuko usiyeni kaye. Gulani kachidutswa kafulati kokutidwa kale ndi galasi loyera, museme tsamba limodzi, mugule china, musemenso tsamba lomwelo.