Mukasintha uthenga wamkati mu Protobuf, onetsetsani kuti builder wamkulu wamva

Anzanga amene mukulemba Java ndi Protocol Buffers (mwachidule Protobuf, njira yolongedzera deta m'mauthenga) kuno ku Lusaka, samalani ndi ichi chifukwa chimadya nthawi.

Tinene kuti muli ndi uthenga wa Order, mkati mwake muli uthenga wina wa Address, ndipo mukuusintha kudzera mu builder, chida chomangira uthenga. Kasitomala wasamuka ku Kabwata, tsopano ali ku Matero. Mukalemba getAddress().toBuilder().setArea("Matero"), mwasintha kope chabe. Order sadziwa kanthu, ndipo mukaitana build() mupezabe Kabwata. Palibe error, katundu angopita kolakwika.

Gwiritsani ntchito getAddressBuilder(). Builder ameneyu amamangiriridwa kwa kholo lake, builder wa Order. Mukasintha field iliyonse, amaitana onChanged(), kholo limauzidwa kudzera mu markDirty() kuti uthenga umene linasunga wakalamba, choncho build() yotsatira imamanga watsopano. Chidziwitsochi chimakwera mpaka pamwamba ngakhale ma builder atalowana katatu.

Pamene ambiri amagwera ndi apa: mwasunga builder wamkatiyo mu variable, kenako mwaitana setAddress() kapena clearAddress() pa kholo. Chingwe chaduka pompo. Builder wakaleyo amalandirabe zosintha mwakachetechete, koma sizifika kulikonse. Ine ndimati musamusunge nthawi yaitali, itananinso getAddressBuilder() pamene mukumufuna.

A Android, dziwani kuti protobuf-javalite, mtundu wopepuka wa Protobuf, ilibe getAddressBuilder(). Kumeneko tengani toBuilder(), sinthani, ndipo mubwezere nokha ndi setAddress(). Lembaninso test yaing'ono: musinthe dera, muitane build(), muone ngati Matero watulukadi.