Kubaya insulini ndi kuyeza shuga wa mphaka pakhomo

Mphaka wathu, wamphongo wofulidwa yemwe anali atanenepa kwambiri, anayamba kumwa madzi mosalekeza mpaka tinkamupeza atalowetsa mutu m'ndowa yochapira. Ankadya kwambiri koma akuonda, ndipo mchenga wa m'bokosi lake unkanyowa msanga. Dokotala wa ziweto atamuyeza magazi ndi mkodzo anapeza kuti ali ndi matenda a shuga, ndipo kuchokera tsiku limenelo timamubaya insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, kawiri pa tsiku. Zimene ndalemba panozi zikukhudza amene ali ndi amphaka awo ku Mabvuku kapena ku Highfield mumzinda wa Harare, komanso abale athu ogwira ntchito m'nyumba za ku Borrowdale ndi ku Mount Pleasant, kumene eni nyumba akachoka m'mawa sirinji imatsala m'manja mwa wantchito.

Musanabaye, yerekezani botolo ndi sirinji. Insulini ya Caninsulin ndi ya ProZinc ili ndi mayuniti 40 pa mililita imodzi, n'chifukwa chake pabotolo pamalembedwa U-40, pomwe Lantus, yomwe ndi ya anthu koma madokotala amaperekanso kwa amphaka, ili ndi mayuniti 100 ndipo imalembedwa U-100. Sirinji nazonso zili m'magulu awiri omwewa. Mukakoka Lantus ndi sirinji ya U-40 mpaka pa mzere wa 2, ndiye kuti mwakoka mayuniti 5, mlingo womwe ungamukomole mphaka. Mukakoka Caninsulin ndi sirinji ya U-100 mpaka pa mzere womwewo, simunakwanitse ngakhale yuniti imodzi. Vutoli limabwera kawirikawiri sirinji za kwa dokotala zikatha munthu n'kuthamangira ku famase, chifukwa zimene zimapezeka kumeneko nthawi zambiri ndi za U-100.

Amphaka ambiri amayamba ndi yuniti imodzi kapena awiri pakatha maola 12 aliwonse, ndipo amene amasintha mlingo ndi dokotala, pang'onopang'ono, patatha pafupifupi sabata chisinthireni. Ife timabaya 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. ProZinc muigubuduze pang'onopang'ono pakati pa zikhato, Caninsulin muikhutchumule mpaka ioneke ngati mkaka paliponse, koma Lantus ndi yoyera mbee ngati madzi ndipo ikachita chifunga itayeni. Gogodani sirinji ndi chala kuti thovu likwere n'kulitulutsa. Kenako, mphaka akuweramira mbale yake, tsinani chikopa cha m'mbali mwa chifuwa, chikwezeni, lowetsani singano pansi pake n'kukankha. Muzisinthasintha mbali kuti chikopa chisalimbe. Mukapeza ubweya wanyowa, kapena mphaka akathawa musanamalize, musabayenso ngakhale mtima ukukukakamizani, chifukwa simungadziwe kuchuluka kwa insulini imene yalowa. Dikirani nthawi yotsatira.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa shuga wokwera amawononga thupi pang'onopang'ono, pomwe shuga wotsikitsitsa angaphe mphaka tsiku lomwelo. Loweruka lina ndinamubaya m'mamawa n'kupita kumsika wa Mbare Musika, ndipo mwana wanga wamkazi atadzuka anamupeza akulira pambale yopanda kanthu, n'kuganiza kuti ndaiwala, choncho anamupatsa chakudya n'kumubayanso. Cha m'ma 11 koloko anandiimbira foni kuti, "Ababa, mphaka akudzandira ngati woledzera ndipo akutuluka dovu." Kamakina koyezera shuga m'magazi kanasonyeza 2.4. Anamupaka uchi m'nkhama ndi chala, ndipo tinathamanga naye kwa dokotala komwe anagona usiku umodzi. Chichitikireni zimenezo pali kope lomwe tinalimangirira ndi chingwe pachitseko cha firiji, ndipo palibe amene amagwira botolo asanaone ngati mnzake walemba kale ola ndi mlingo. M'nyumba momwe bwana ndi wantchito amasinthana ntchitoyi, kope loterolo ndi limenenso limateteza wantchito pakabuka mlandu.

Shuga akatsika pansi pa 3.5 mmol/L (muyezo wa shuga pa kamakina), kapena mphaka akafooka, akamanjenjemera, maso atatong'oka, musadikire kuti muone m'mene zikhalire. Ngati akutha kumeza, mupakeni uchi kapena madzi a shuga okhathamira m'nkhama kenako mupatseni chakudya. Ngati wakomoka kapena akuphupha, pakani m'nkhama basi, osathira chilichonse kukhosi chifukwa angatsamwe. Ngakhale atadzuka n'kuyamba kudzinyambita, pitani nayebe kwa dokotala, popeza insulini imagwirabe ntchito kwa maola ambiri pomwe mphamvu ya uchi imatha msanga. Mphaka akakana kudya nthawi ya jakisoni, imbani foni musanabaye. Akamasanza, osadya komanso kungogona pomwe shuga ali wokwera, n'kutheka kuti m'magazi mwake mwadzaza maketoni, asidi amene thupi limapanga likamaotcha mafuta m'malo mwa shuga, ndipo limenelo si vuto lothetsera pakhomo.

Kuyeza magazi kumaoneka koopsa tsiku loyamba lokha. M'mphepete mwa khutu la mphaka mumadutsa kamtsempha komwe kamaoneka bwino mukaunika ndi tochi kuseri kwake. Khutu lozizira silitulutsa magazi, makamaka m'mawa wa mu June ndi July, choncho ndimayamba ndalifunditsa ndi sokosi yomwe ndinathiramo mpunga wotenthetsa pang'ono. Ikani thonje kuseri kwa khutu, bayani m'mphepete ndi kasingano kobayira chala, gunditsani kapepala ka kamakina padontho lamagazi, kenako finyani malowo ndi thonje lija kwa kamphindi. Mphaka wabwinobwino amakhala pakati pa 4 ndi 8, pomwe wodwala shuga madokotala amafuna kuti tsiku lonse azikhala cha pakati pa 5 ndi 14. Ngati kamakina kanu kamawerenga mu mg/dL, gawani nambalayo ndi 18. Kamakina kotchedwa AlphaTrak anakapangira ziweto, pomwe makina a anthu nthawi zambiri amasonyeza nambala yotsikirapo pa magazi a mphaka, choncho dokotala ayenera kudziwa kamene mukugwiritsa ntchito. Mugwirizanenso naye nambala yomwe mukaipeza musanabaye muzimuimbira kaye.

Nambala imodzi siikwanira kusinthira mlingo. Dokotala akafuna kuona m'mene insulini ikugwirira ntchito, amapempha kuti muyeze maola awiri aliwonse kuchokera pa jakisoni wa m'mawa kufikira wa madzulo, ndipo chimene amayang'ana kwambiri ndi nambala yotsikitsitsa ya tsikulo. Ntchitoyi imayenda bwino pakhomo, chifukwa mantha a m'galimoto ndi a kuchipatala amakweza shuga wa mphaka. Nthawi zinanso shuga akatsika kwambiri thupi limadziteteza pomukweza mopitirira, ndipo munthu woona nambala yaikulu yokhayo angaonjezere insulini pamene imayenera kuchepetsedwa.

Insulini imasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, pashelefu yapakati, osati m'friza, chifukwa ikaundana yawonongeka ngakhale itasungunuka. Magetsi akathima kwa maola ambiri, makamaka mu October pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, ikani botolo m'kabokosi kozizira pamodzi ndi botolo la madzi oundana lokulungidwa m'thaulo kuti ziwirizo zisagundane. Lembani pabotolo tsiku limene mwalitsegula. Pepala la Lantus limanena kuti muigwiritse ntchito kwa masiku 28 okha chitsegulireni.

Pa chakudya, mkute wa nsima ndi mpunga zisiyeni, ndipo dziwani kuti chakudya chouma cha m'mapaketi chimakhala ndi sitachi wambiri kuposa chonyowa cha m'zitini. Komabe musasinthe chakudya mwadzidzidzi dokotala asakudziwa, chifukwa sitachi akachepa shuga amatsika pomwe mlingo wa insulini uli womwewo. Amphaka ena, makamaka amene chithandizo chinayamba msanga ndipo kunenepa kwachepa, amafika posafunanso insulini pakapita miyezi. Zizindikiro zake zimaonekera m'kope muja: madzi amene mumayeza ndi kapu m'mawa uliwonse amayamba kutsala m'mbale, ndipo nambala za musanabaye zimatsika sabata ndi sabata. Mukaona zimenezo, tengani kopelo mupite nalo kwa dokotala sabata yomweyo kuti aunikenso mlingo.