Konzani njira za m'mapiri moto ukadutsa, mvula isanagwe

Pofika Okutobala, mapiri ambiri ozungulira Chipata amakhala ali bii ndi lupsa. Moto wa nyengo imeneyi, kaya wayamba ndi osaka mbewa, ofula njuchi kapena otentha mapesi, umawononga kuposa wa mu Meyi ndi Juni, chifukwa udzu umakhala utauma gwaa ndipo mphepo imauthamangitsa. Anthu a mtima wabwino akaona zimenezi amathamangira kufunsa za mbande. Ine ndikuti mbande zidikire kaye. Yambani ndi njira zokwera phiri, zimene amayi amadzera kokatola nkhuni ndi ng'ombe popita kudambo.

Njira imakhala yolimba ndi mapazi, ndiponso yotsika kuposa nthaka ya m'mbali mwake. Udzu ndi masamba zimene zinkachedwetsa madzi zapsa. Ndiye mvula yoyamba ya mu Novembala ikagwa, madzi onse amasonkhana m'njiramo n'kutsetsereka ndi phulusa ndi dothi la chonde, ndipo nyengo imodzi yokha njira imasanduka chigwembe chokathera m'munda wa munthu kumunsi.

Musanagwire khasu, akuluakulu awiri kapena atatu ayende njira yonse akuyang'ana kumwamba ndi pansi. Mtengo umene wapsa patsinde n'kukhala ndi mphako umagwa osachenjeza. Chitsa chimatha kunyeka pansi pa nthaka masiku angapo, pamwamba pakuoneka phulusa lozizira, mwendo n'kulowa m'makala. Valani jombo, osati patapata, ndipo ana asatsogole. Gwetsani mitengo yakufa yokhayo imene yapendekera panjira, mutauza kaye amfumu. Ngati ndi nkhalango ya boma, pitani kwa a Forestry Department, nthambi ya boma yoona za nkhalango, musanadule chilichonse.

Ntchito yaikulu ndi yochotsa madzi m'njira asanapeze liwiro. Kumbani kangalande kodula njira mopendeketsa, osati mopingasa ndendende, kuti madzi atuluke okha kumbali yotsika. Dothi limene mwakumba muliunjike kumunsi kwa kangalandeko, mulitsindire, ndipo mulichirikize ndi miyala kapena chipika chokwirira theka. Pamene pali potsetsereka kwambiri, tingalande titalikirane mapazi 10 okha, koma pamene phiri lagona mukhoza kufika 30. Potulukira madzi yalani miyala. Apa ndi pamene magulu ambiri amachita ulesi, ndipo amangosamutsa chigwembe kuchoka m'njira n'kuchiika pambali pake.

Ngati chigwembe chayamba kale, yambirani kumtunda kumene chikuchokera. Sanjani miyala mopingasa, isapitirire m'mawondo, pakati pakhale potsikirapo kuti madzi adumphe pomwepo m'malo modya m'mphepete. Zipika zopsa zimene mwagwetsa zigonekeni mopingasa phiri, muzikhomere zikhomo. Mudzaona kuseri kwake kukudzaza dothi ndi njere za udzu. Tinjira tachidule timene anthu atsegula chifukwa tchire layera titsekeni ndi nthambi za minga. Udzu wa vetiva, womanga nthaka, mudzabzale mvula ikakhazikika.

Tsopano za mitengo. Mombo, tsamba ndi mtondo sizifa msanga ayi. Mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo imaphukira pazitsa ngakhale thunthu litapsa. Palani khungwa pang'ono ndi mpeni: ngati mkati muli mobiriwira ndi monyowa, mtengowo uli moyo, usiyeni. Zimandipweteka kuona anthu akudula mitengo yotere n'kuotcha makala ponena kuti yafa kale. Mphukira ya pachitsa imakula msanga kuposa mbande chifukwa muzu ulipo kale, ndipo bowa wa m'tchire amene timazula m'dzinja amadalira mizu yamoyo ya mitengo yomweyi. Tetezani mphukirazo ku mbuzi. Chaka chachiwiri patulirani, musiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa chilichonse. Mbande bzalani mu Disembala ndi Januwale, pokhapo pamene pali dazi lopanda chitsa.

Ntchitoyi ndi yodzipereka, choncho musatopetse anthu. Yambani m'mamawa, muweruke dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo banja lililonse lidziwe chigawo chake cha njira. Mvula yaikulu ikagwa, mwini chigawo apite ndi fosholo kukachotsa mchenga m'tingalande.

Lamulo la nkhalango la 2015 la dziko la Zambia limalola anthu a m'dera kupanga gulu loyang'anira nkhalango yawo ndi kulilembetsa ku Forestry Department, mogwirizana ndi mfumu yawo. Gulu lotere ndi limene lingakhazikitse malamulo a moto. Mu Meyi, udzu usanaumitsitse, lambulani njira zomwezi m'mbali zonse ziwiri kuti zikhalenso zotchinga moto, ndipo pamene pali mphukira zazing'ono pasapite moto kwa zaka ziwiri kapena zitatu.